Botolo Limene Margret Anataya

Lolemba, 7 Januwale 1935

Mtima sunatsikebe. Mvula yabweretsa malungo, mzere wa othyola tiyi pa dispensale unafika mpaka pa bulugamu paja. M'mawa ndinasakaniza botolo lalikulu la kwinini monga ndichitira masiku onse. Ndili pakhonde kumanga bala la bambo wina wodzitema ndi chikwanje, ndinamva madzi akukhuthuka kuseri. Kukasuzumira, ndi Margret, mwana wanga wobala ndekha, akutayira botolo lonse m'ngalande! Mwana amene ndinamuphunzitsa ine kugwira kagalasi koyezera. Ntchito imeneyi ndinachita kumupemphera kwa bwana chogwada.

Ndati, wapenga kodi? Iye akuti, "Amayi, tikakambirana kunyumba." Kunyumba! Asa! Ndinamukokera pakhonde n'kuuza anthu onse kuti onani mfiti iyi, ikutaya mankhwala anu kuti mufe, bola ilande malo a make. Iye anangolowa n'kukasakaniza lina.

Lachiwiri, 8 Januwale

A Fabiano, kapitawo wa munda wa kumtunda, anali pamzere dzulo ndi dzino lawo lija. Pakamwa pawo sipawawa ayi, nkhani akaitula kale ku ofesi. Bwana wati wotaya mankhwala a kampani akaonekere Loweruka. A Fabiano akuti imeneyo ndiye yatha ntchito. Ndinawayankha kuti mwanayo aphunzirepo mwambo. Koma chakudya chandikanika.

Lachitatu, 9 Januwale

Azimayi akukana kapu ya m'manja mwa Margret, akudikira ine. Wina ndamumva akunong'ona, "Make yemwe ndiye wanena."

Lachinayi, 10 Januwale

Kalanga ine.

Masana anthu atatha, Margret anatseka chitseko n'kuika zitini ziwiri patebulo. Akuti, "Amayi, cha kwinini ndi chiti?" Ndinaloza mwaukali. Akuti werengani. Ndinachibweretsa pafupi, ndinachitalikitsa, ndinapita nacho pazenera. Nkhungu yokhayokha. Apa ndilembe zoona, poti palibe adzawerenge: papita nthawi ndisakuona zilembo zazing'ono, n'chifukwa chake m'buku muno ndimalemba zikuluzikulu. Ndimadziwa chitini cha kwinini chifukwa chinali chophwanyika pambali, chala chimandiuza. Sabata yatha kunabwera zitini zatsopano kuchokera ku Blantyre, zonse zofanana ngati mazira.

Akuti, "Lawani." Ndinaika pang'ono palilime. Ufawo sunawawe. Unali ufa wotsukira zilonda, ndipo Lolemba ndinathira wambiri.

"Ana akanamwa, Amayi."

Ndinakhala pansi penipeni. Ndati, nanga osanena bwanji? Akuti, "Pamaso pa a Fabiano? Akanakuchotsani tsiku lomwelo." Ndiye akundiuza kuti ngakhale Loweruka sakanena kanthu. "Ine ndikathyola tiyi, mphamvu ndili nazo. Inu mukathyola ndi maso ati?"

Ndinalephera kumuyang'ana. Ine, Magdalena, amene ndimati palibe angandiphunzitse mankhwala m'Thyolo muno.

Lachisanu, 11 Januwale

Chondichititsa manyazi koposa si maso ayi. N'chakuti lero tsiku lonse ndakhala ndikuganiza zokhala chete. Ndimati mwana akadali wamng'ono, adzakwatiwa, adzaiwala. Ine ndikachoka pano ndine yani? Nkhalamba ya ng'ala yokhala pakhomo, ana akuinamiza kuti kwacha kusanache. Ndinafika pomakonza m'mutu mwanga mawu okamupepesera kwa bwana, okoma bwino, osatchulamo maso.

Ndikuganiza zimenezo, iye ali pambali panga, chitini chilichonse akundisunthira pafupi mwakachetechete kuti anthu asaone. Wina wamulavulira pafupi ndi phazi. Anangosuntha phazilo.

Mfiti ndani pamenepa?

Loweruka, 12 Januwale

Ku ofesi. Bwana pampando, a Fabiano pakhomo ngati nkhani ndi yawo. Bwana anafunsa Margret m'Chinyanja chake chopindikacho chifukwa chimene anatayira mankhwala. Iye mutu pansi, akuti, "Ndinalakwa, bwana." Bwana anatenga cholembera.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira bwanji. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti bwana, mwana uyu anataya poizoni amene ndinasakaniza ine, maso anga anatha. Margret anandikoka nsalu, ndinamumenya dzanja. Bwana sanakhulupirire msanga. Anakweza pepala patsogolo panga kuti ndiwerenge. Ndinaima pamenepo ngati chitsa, a Fabiano akutsokomola pakhomo. Manyazi ake! Bola akanandivula pamsika.

Kiyi wa dispensale ndasiya patebulo. Bwana wati Margret ayambe wagwirizira, koma anthu akapitiriza kumukana aitanitsa mwamuna wodziwa mankhwala wa ku mishoni, tonse awiri tichoke m'nyumba ya kampani. Ponena za kukanako ndimadziwa amene anakubzala. Madzi akatayika saoleka.

Pobwerera, pa kamlatho paja, Margret anandigwira chigongono, ndipo sindinakane.

Lolemba, 14 Januwale

Margret akuti ndikhale kunyumba ndipumule. Ndinadikira atapita, n'kutsatira.

Ndinapeza anthu ali mbwee pansi pa bulugamu, ana akutentha kumsana, koma pakhonde palibe ndi mmodzi yemwe. Margret ataima ndi botolo lake yekhayekha. Atandiona ena anadzuka, akuti amayi abwera, tilandire. Ndinawapitirira. Sindinalowere chitseko cha kuseri ayi, ndinakaima poima odwala.

Ndinakweza mawu kuti a kumbuyo amve. Ndati Lolemba lija ndinanama ine, wakupha akanakhala ine, uyu ndiye anakupulumutsani. Kenako ndinatambasula manja onse awiri.

"Adokotala, m'thupi mukundiphwanya. Ndipatseni."

Anthu ena anaseka. Margret anati, "Amayi, musatero," chapansipansi. Ndati thira iwe, ukundichedwetsera mzere. Ndinamva kagalasi kakugunda pakamwa pa botolo. Ndinamwa yonse, osatsala dontho. Inawawa mpaka m'makutu, mmene kwinini ayenera kuwawira.

Ndisanabweze kapu, mayi wina kumbuyo kwanga anali atayamba kumasula mwana kumsana.