Chala Changa pa Kampani ya Abwana

Lachitatu, Kabwata. Kwachita mphepo, mtima nawonso sunakhazikike.

Mwana wanga Tisa wabwera ndi nkhani: lamulo likufuna kampani iliyonse itchule mwini wake weniweni. Kale ndikulima maluwa ku Kabulonga, abwana anandidinditsa chala papepala, ati n'za yunifolomu. Tisa wafufuza, kani pepalalo linandisandutsa mwini kampani yawo ya malole, ine wopanda ndi njinga yomwe!

"Atate, akaba iwo, omangidwa ndinu," watero, misozi ili m'maso. "Mawa tipite ku boma mukanene zoona."

Wandigwira chalacho n'kuchipukuta ndi chitenje chake ngati inki ikadalipo. Ndavomera. Kulankhula sikunandivutepo chibadwire, anthu amachita kundiletsa. Koma kukatchula dzina la abwanawo, munthu amene anagulira malemu mkazi wanga bokosi la maliro, lilime langa lomweli...