Unyolo Umene Munatumiza pa Basi

Kwa Alhaji Dawuni Neindow
ndi akuluakulu onse a banja lathu,
Kumasi.

MUTU: KUYANKHA LAMULO LANU LOKHUDZA ACHIMWENE ATHU A ZIBLIM

Achimwene olemekezeka,

Mtendere ukhale nanu. Poyamba ndifunse za moyo wanu, wa alamu anga ndi wa ana. Kumudzi kuno tilipo, ngakhale mu uthenga wanu simunafunse.

Ine mlongo wanu Sanatu ndalemba kalatayi pofuna kukudziwitsani kuti unyolo ndi loko zimene munatumiza pa basi ndinalandira. Ndinamvanso lamulo lanu lakuti tsiku lobwera alendo odzafunsira mwana wanu Azara, ndiwamange a Ziblim m'nyumba yosungiramo mapira kuti asaoneke.

Musanandiweruze ndikukumbutseni izi. Chino ndi chaka chachisanu ndi chiwiri ndikusamala mkulu wathuyu chidwalireni misala. Ndine ndinakawatenga kwa sing'anga uja munawasiyako, mwendo utadyeka ndi chitsulo. Ndine ndimawaperekeza kuchipatala ku Tamale mwezi ndi mwezi. Phala lamapira ndinaleka kugulitsa, chifukwa amayi a pamsewu amati chikho cha Sanatu chimagawa misala. Mwamuna wanga anachoka, ati sangagawane mkazi ndi wopenga. Inu mukabwera pa Idi mumagona kwa anzanu, moni n'kuperekera pamwamba pa mpanda.

Tsopano ndikuulula. Sindinawamange.

Alendo anafika Lachinayi ndi mtedza wa kola. Mwambo mukuudziwa: kola wa ukwati amalandira ndi mwamuna wamkulu pa nyumba ya makolo, osati amene ali ndi galimoto. Choncho ndinawachapira a Ziblim mkanjo woyera, n'kuwayalira chikopa chimene ankakhalapo malemu bambo.

Atatha malonje, mkulu wa alendowo anafunsa ngati n'zoona zimene anamva pamsika, zoti m'banja muno muli wamisala amene timamubisa. Ndinati ndiyankhe ine. Koma a Ziblim anayankha okha, ati wodwalayo ndine, mankhwala ndimamwa m'mawa uliwonse, ndipo ndikaiwala, mlongo wangayu amandikalipira kuposa msilikali. Mlendo mmodzi anaseka. Mkuluyo sanaseke. Anati kola asiya, koma yankho atumiza akakakambirana kwawo. Mpaka lero kuli zii.

Ndamva kuti alamu akuti ndapha ukwati wa Azara chifukwa cha nsanje, poti wanga unatha. Muwauze kuti anthuwo anabwera akudziwa kale. Akanamva munthu akukuwa pa unyolo kuseri kwa nyumba, mukanati ndi mbuzi?

Ngati alendowo adzabwerenso sindikudziwa, ndipo mtima ukundiwawa chifukwa cha Azara. Mumuuze asandide.

Pempho langa ndi limodzi. Nanenso sindili bwino, mutu umandiwawa tsiku ndi tsiku ndipo mtima umathamanga. Tikakolola mubwere mudzakhale ndi mkulu wanu masabata awiri, kuti ndikaonane ndi dokotala ndi kupumako. Sindinabadwe nawo ndekha.

Kola uja a Ziblim agawa monga mwa mwambo. Gawo lanu alikulunga okha m'masamba onyowa, ati mng'ono wanga Dawuni sakonda kola wouma. Za unyolo sindinawauze. Zonse ndaika m'thumba limodzi pa basi ya Loweruka. Kolayo mudye. Unyolowo muyambe mwauyesa pa mwendo wanu tsiku limodzi lokha, kenako mundilembere lamulo lina.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa Azara ndi ana onse, ngakhalenso kwa alamu.

Ndikulumbira pamaso pa Mulungu kuti m'kalatayi sindinaonjezemo kapena kubisamo kanthu.

Ine mlongo wanu,
Sanatu Neindow.