Mawu a Filipo Anadutsa Pakamwa Panga

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno ku Soche tilipo. Dzinja lachiwiri latha chikuikireni m'manda. Chimanga chachita bwino kumunda wanu wa kumtunda, ngakhale anyani a m'phiri atengapo gawo lawo. Mpongozi wanu Esitere anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akafuna kulira amayamba wakwinya chipumi, monga munkachitira inu mukamva fungo la kachasu pa amalume. Denga la khitchini linagwa ndi mphepo, ndafolera lina.

Ine ndikadali pa ntchito yomasulira kubwalo la milandu ku boma. Ndikaweruka munkati, "Samba kaye m'manja, za akuba ako utiuza utadya." Masiku ano ndimasamba, ndimatsuka ndi m'kamwa momwe, koma chakudya sichikutsika. Lekani ndikuuzeni chifukwa chake.

Mukumukumbukira Filipo, mwana wa mnzanu Nagama wa kutsidya kwa mtsinje? Uja munkamugawira mbatata yootcha tikamachokera kusukulu ya mishoni. Atabwerako kunkhondo ya Ajeremani analowa ntchito kwa mzungu wa fodya ku Limbe, yopukuta mfuti ndi kuzinyamula bwanayo akamapita kosaka. Lachiwiri lina m'mawa anatenga mfuti imodzi, nakaima pakhomo la shedi momwe amayi amasankhira fodya, nayamba kuwombera. Shediyo ili ndi khomo limodzi lokha. Anafa amayi anayi ndi bambo wina wachikulire womanga mabelo a fodya. Mmodzi mwa amayiwo ndi Abiti Saidi, aja munkakhala nawo moyandikana pamsika. Anali ndi mwana kumbuyo, ndipo mwanayo anamupeza wamoyo, akuyamwa nsalu. Zipolopolo zitatha Filipo sanathawe. Anakhala pabelo la fodya kudikira asilikali, atavala jekete lake la kunkhondo limene analisita dzulo lake.

Anthu ananena zambiri. Ena ati anamulodza, ena ati nkhondo inamuzunguza mutu. Inenso ndinkafuna zikhale choncho, chifukwa wamisala umamumvera chisoni, ukatero n'kupeza tulo. Mlandu usanayambe, Nagama anabwera kwathu. Mpando anaukana, anakhala pansi pakhonde. "Mwanangu," anatero, "woweruzayo Chinyanja sachimva. Amva zimene unene iwe. Uwasokoneze mawuwo kuti aoneke wopenga, amutsekere koma asamunyonge. Mayi ako akanakhalapo akanakupempha zomwezi." Ndinangoyang'ana pansi. Sindinavomere, sindinakanenso.

Tsiku la mlandu, woweruza anamufunsa chifukwa chimene anachitira zimenezi. Ndinayembekeza kumva za mizinga ndi mitembo. Koma zinadziwika m'bwalomo kuti kunkhondoko Filipo ankangowiritsira mzungu wake tiyi, kutali ndi kumene kunkafa anthu. Amalume a Esitere ananyamula katundu kunkhondo yomweyo mpaka mapewa kusupuka, anakwirira anzawo m'njira, ndipo lero akulima phee ku Mpingwe, sanapheko ngakhale galu wa munthu. Chifukwa cha Filipo chinali ichi, Amayi: anafunsira mtsikana wa m'shedimo, dzina lake Maliya, ndipo mtsikanayo anakana. Patapita masiku, iye akudutsa, amayi m'shedimo anaseka. Basi. Mwinanso ankaseka zawo.

"Ankandiona ngati galu wa bwana," anatero Filipo, chifuwa chili patsogolo. "Tsopano andidziwa."

Maliyayo tsikulo kunalibe, anali kumaliro ku Chitawira, ndipo Filipo ankadziwa. Woweruza atafunsa kuti nanga asanuwa anamulakwira chiyani, iye anayankha, "Onse ndi amodzi."

Ntchito yangayi ili ndi lamulo lake: womasulira amalankhula ngati mwini mawu. Sunena kuti "akuti anawombera", umati "ndinawombera". Ndiye ine mwana wanu, amene munamuphunzitsa kupemphera asanagone, ndinaima pakati pa bwalo ndi kunena m'Chingerezi kuti ndinasankha m'mawa chifukwa ndi pamene anthu amadzaza, ndinaima pakhomo kuti pasatuluke munthu. Amuna a Abiti Saidi anali pabenchi lakutsogolo. Anali atamva kale zonse m'Chinyanja, koma ankayang'ana ine, osaphethira. Mlembi atawerenga molakwitsa kuti anafa anthu anayi, Filipo anakweza dzanja ngati ali m'kalasi. "Asanu. Wachisanu anafera kuchipatala. Lembani bwino."

Pamenepo ndi pamene pempho la Nagama linandichokera mumtima. Ndinamasulira liwu lililonse monga analinenera, osachotsapo, osaonjezapo.

Wopenga sasita jekete, Amayi. Wopenga sakonza chiwerengero cha mlembi. Amene ndinamuona ine ndi munthu amene anatola kachipongwe kakang'ono, kamene aliyense wa ife amakumana nako n'kuiwala pofika madzulo, iye n'kukasunga, n'kumakadyetsa tsiku ndi tsiku. Ankadziona wamkulu woyenera kugwadiridwa, ndipo popeza palibe anagwada, anaganiza kuti dziko lonse lamulakwira. Bwana amene ankamutukwana ndi kumuponyera nsapato sanamuloze mfuti. Anasankha amayi okhala pansi, manja ali m'fodya.

Anagamula kuti anyongedwe. Asanamutengere kundende ya ku Zomba, anatuma mlonda wa ndende kuti andiitane. Ndinapita, ndikuganiza kuti ali ndi mawu opepesa oti ndikafikitse kwa amasiye, kapena uthenga wa mayi ake. Anandilandira akumwetulira, ngati takumana pamsika.

"Andireya, iwe umawerenga nyuzi ya azungu. Dzina langa analilemba? Lili patsamba loyamba?"

Ndinamuuza zoona. Analemba mizere yochepa kumapeto, pansi pa nkhani ya mitengo ya fodya, ndipo anangoti wantchito wina wakuda. Dzina panalibe.

Amayi, munthu amene sanagwetse msozi ndi umodzi womwe pa anthu asanu, analira pamenepo ngati mwana wolandidwa nzimbe, akumenya khoma ndi zibakera. "Ukunama! Ukuchita nsanje!" Ndinatuluka osatsanzika. Nditafika panja ndinalavula.

Komatu nyuziyonso inandinyansa, chifukwa maina a akufawo sanawalembenso. Analemba kuti fodya wina anaonongeka. Shedi anaitsegula tsiku lachitatu, ndipo amene anauzidwa kukolopa magazi ndi amayi omwewo amene anapulumuka. Maliya anasiya ntchito, anabwerera kwawo, pakuti anthu ena anayamba kunena kuti akanangomulola bwenzi anzake ali moyo. Anthu akuluakulu, a mpingo, kunena zotero pamaso pa mwana wa eni!

Nagama sandiyankhanso moni. Ndikakumana nawo panjira amatembenukira kutchire mpaka nditadutsa. Kumtsinje amatunga okha, amayi anzawo amadikira achoke. Ndadzifunsa kambiri ngati inu mukanandipemphadi zimene ananena zija. Ndimati ayi, koma munali munthu wachifundo kuposa ine, ndipo sindingalumbire. Chimene ndikudziwa n'chakuti mawu aja ndikanawapotoza, sindikanatha kunyamula mdzukulu wanuyu ndi kumuyang'ana kumaso.

Chimanga cha Nagama chauma m'munda, chiswe chayamba kuchigwetsa, ndipo palibe wopita kukawathandiza. Loweruka ine ndi mpongozi wanu tikakolola ndi kuwatutira m'nkhokwe. Akatitukwana tidzamva, akatithamangitsa tidzabwerera m'mawa mwake. Sanawombere munthu iwo. Ichi ndiye ndikukulonjezani, kuti mnzanu sagona ndi njala ine ndili moyo, andilankhule kapena asandilankhule.

Ndakusowani kwambiri, Amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Andireya