Mwala wa pa Bicha

Lolemba, 7 Okutobala, 10 koloko m'mawa

Onse apita, mwana wanga Edness kuntchito, mwana wake Tamara kusukulu. Ndatsala ndi firiji, poti ndiyo yokha imandiyankha m'nyumba muno. Dzulo Tamara anandiimika foni kumaso. Akuti aphunzitsi akufuna nkhani ya munthu amene anakulira m'dziko la chikomyunizimu, kaya agogo mukudziwako aliyense. Aliyense! Ine wobadwira ku Ulongwe, ku Mozambiki, amene ndinaguba khasu lili paphewa mawere asanamere n'komwe! Amayesa ndinatuluka m'nthaka ya ku Dedza ngati kachewere.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Tamara wandiwerengera zimene watola pa intaneti. Njala, misozi, njalanso. Ndati mwana iwe, njala inalipo, kabichi tinamudya mpaka kumulota, koma anakuuza ndani kuti sitinkavina? Loweruka lililonse achinyamata tonse kumunda wa gulu, mtsogoleri akukuwa "Makamarada, liwiro!", ife maso ali pa anyamata. Aliyense anali kamarada. Mbuzi yokha ndiyo inalibe khadi lachipani.

Ndamufotokozeranso za bicha, mzere wa pasitolo ya boma. Sunkaima tsiku lonse ngati mtengo ayi. Unkasiya mwala wako pamzere, n'kupita kukatunga madzi, ukabwera mwala wasendera kutsogolo, anzako akukankhira. Wakuba ankaba nkhuku, koma mwala wa mnzake sankaukhudza.

Ine Chichewa, iye kuyankha Chizungu. Akuti kumva amamva, koma kuwerenga Chichewa n'kovuta. Ulesi!

Lachitatu, 9 Okutobala

Chimodzi sindinamuuze. Ndilembe muno, kope silifunsa mafunso.

Mwala wathu unali wa anthu awiri, ine ndi Emmie, Emiliya Zakariya, mwana wa osoka nsapato. Tinaupaka utoto wofiira. Mu 1978 boma linasankha ana anzeru okaphunzira ku Cuba. Iye anamutenga. Ine, wobwereza kalasi yachitatu kawiri, anandidumpha. Tsiku lokwera lole anandipeza pa bicha, akuti, "Lizzie, undisungire malo, ndibwera." Nsanje itandigwira ndinati, "Pita, ukadye shuga wawoyo mpaka mano akathe m'kamwa." Osatembenuka n'komwe. Kenako nkhondo, ife kuthawira ku Dedza, mwala kutsala.

Zaka 46. Kaya ali moyo. Kaya akandikumbuka amalavula.

Lachisanu, 11 Okutobala

Kogula mankhwala kuno ku Hyattsville, ku Amereka, mzere ngati wa maliro a mfumu, bondo likundiluma. Ndinatola kamwala panja, ndinakaika kumbuyo kwa bambo wina wachipewa, n'kukakhala pampando. Mayi wa m'sitolo anabwera n'kukatola ndi pepala ngati chitosi! Edness akunong'ona, "Amayi, mudzatimangitsa." Ndati dziko lopita kumwezi, koma ntchito ya mwala osaidziwa. Tamara anaseka mpaka kunjuta pansi. Kamwalako anakapempha, anakaponya m'thumba.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kutchalitchi Amayi Twaambo a ku Lusaka akuti nawonso ankaima mizere ya sopo. Ndati inu munkaima nokha, ife tinali ndi wantchito.

Lachitatu, 16 Okutobala

Tamara ndi amake manong'onong'o. Ndikalowa, zii. Kope ili ndinalisiya pansi pa Baibulo, ndalipeza pamwamba.

Loweruka, 19 Okutobala, 2 koloko masana



M'mawa Tamara akuti, "Agogo, valani duku labwino lija." M'Chichewa! Anandikhazika patebulo, anaimika foni pa botolo la shuga. Pafonipo nkhalamba yaimvi, magalasi ali pamphuno. Akuti namwino wopuma, amakhala ku Tete. Tamara anamupeza pa gulu la pa intaneti la amene anaphunzira ku Cuba.

Anali Emmie.

Anandiyang'ana. Anandiyang'anabe. Kenako anasendeza nkhope pafoni n'kuyasamula.

"Werenga, mfiti iwe! Mano awiri okha ndiwo anagwa, ndipo si shuga, ndi chimanga chokazinga cha konkuno."

Ndati, "Emmie, mawu aja..."

"Mawu ako ndiwo ndinkawasowa ku Cuba kuja. Zaka zisanu ndi ziwiri popanda wonditukwana m'Chichewa! Nanga malo anga unasunga?"

Apo Tamara anatulutsa kamwala ka kusitolo kaja, atakapaka polishi wofiira wa zikhadabo, n'kukaika patsogolo pa foni. Emmie anaimba nthungululu, ine n'kulandira. Edness anathamangira kutseka mawindo kuopa aneba. Tinaimba nyimbo imene tinkaimba kumunda wa gulu kuja, mawu ena titaiwala, pena tikungoti laa laa. Wati Loweruka lililonse ndizimuimbira foni, tili ndi zaka 46 zoti tijedane.

Tsono iwe Tamara. Dzina la Emiliya Zakariya sindinakuuzepo, za utoto wofiira sindinakuuzenso. Zili m'kope muno mokha. Ndiye Chichewa chovuta chija umachiwerenga bwinobwino, kazitape iwe! Poti ndi pano pomwe maso ako afika, leka kubisala. Tenga kope lonseli, ukawawerengere aphunzitsi ndi anzako, ulijambule umutumizirenso Emmie aone kuti ndinkamulira. Koma kamwalako undibwezere. Lolemba ndili ndi mzere wina.