Mpango wa Amayi Pakhosi

Amayi aang'ono a Fainala,

Muli bwanji kumudziko? Ife kuno ku Santhe tilipo, fodya tawokera, makuponi a feteleza sanafike. Akundilembera kalatayi ndi a Olive, oyandikana nawo nyumba.

Ndili ndi kachotupa pakhosi, kolimba, kosapweteka. Kuchipatala anakaunika ndi makina, n'kutengako pang'ono ndi singano. Zotsatira akuti mwezi wamawa. Kaya.

Adokotala anandifunsa ngati kwathu wina anadwalapo chithokomiro, akuti nthawi zina zimayenda m'magazi. Ndinangoti sindikudziwa. Koma malemu amayi, bwanji ankamanga mpango pakhosi ngakhale kukutentha? Ine ndinali mwana, munkawadwazika ndinu.

Ndakusowani. Bwerani mudzandiuze pamaso, musalembe. Mwana wanga Chikhumbo sindinamuuze, ndimangomuyang'ana pakhosi akamameza.

Ine mwana wanu,
Lefina