Ndibwezereni Bezawit

Okondedwa achimwene a Getnet,

Muli bwanji ku Dire Dawa kuja, inu ndi alamu anga a Almaz? Ife kuno ku Bahir Dar tilipo, Mulungu akutisunga. Za mwana wanga Bezawit sindifunsa, poti yankho lanu ndi limodzi lomwelo: ali bwino.

Amayi nawonso munkati ali bwino. Ine ndikupukuta m'nyumba za eni ku Beirut, ndikaimba foni munkati apita kutchalitchi, pamene munawaika m'manda kalekale. Nditabwera munandikhazika pansi, azakhali akukazinga khofi, ndiye n'kundiuza. Kugwa kwanga kunayambira pomwepo.

Mwandiyendetsa, achimwene. Kumadzi odalitsidwa ndinasamba mpaka mano kugwedezeka. Ndikagwa, azakhali ankandiyatsira machesi pamphuno. Inu munangonyamula mwana, mukuti ndidzamugwetsera pamoto.

Kuchipatala anandipima mutu n'kunena kuti si khunyu. Azakhali atamva anaomba m'manja, amvekere kodi nthawi yonseyi amatiseweretsa, mtsikana wa ku Beirut ameneyu! Ndinalira, osati pang'ono.

Koma dokotala amene ndimakumana naye Lachiwiri lililonse, mayi Hiwot, akuti sindinamizira ayi. Akuti mantha akandikulira, thupi limangodzizimitsa lokha ngati magetsi. Mapiritsi sanandipatse. Timakhala pansi n'kufufuza chimene chimayamba ndisanagwe.

Tinachipeza. Ndi fungo la khofi wokazinga, ndi anthu akamanong'onezana. Nthawi yomweyo mtima umati wina wafa ndipo akundibisira. Mayi Hiwot anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono, kuponda pansi mwamphamvu, kutchula zimene ndikuziona, kenako kulifunsa ganizolo ngati lili ndi umboni.

Anandiletsanso kuthawa. Ndinayamba ndi kuima pakhomo anzanga akukazinga. Tsopano ndimakazinga ndekha, ndipo ndimathira m'makapu osataya. Chiyambire kusala kudya kokonzekera Pasaka ndagwa kamodzi kokha.

Mukudziwa chinandigwetsa? Foni yanu ija. Bezawit anandipatsa moni ngati mlendo, kenako ndinamumva akuitana alamu kuti amayi, bwerani, azakhali odwala aja akukufunani, kunena ineyo. Inu munaseka, mukuti ndi zachibwana.

Mwana amene ndinamubereka ndekha, achimwene! Ndani anamuphunzitsa zimenezo? Ndakwiya, ndipo sindibisa. Inu mumati mumanditeteza, koma chitetezo chanucho chinandimana maliro a amayi, lero chikundilanda mwana.

Musandifunse ngati ndachiriratu. Sindinachire, mwina ndidzagwanso. Mayi Hiwot akuti azimayi ambiri a vuto ngati langa amalera ana awo, bola pakhale wamkulu wina pafupi. Mnzanga Tiruwork, wa khomo loyandikana nane, wavomera kale.

Pasaka akangopita ndikwera basi. Muwauze alamu amuchapire zovala, ndipo mumuuze mwanayo zoona, kuti ine ndine ndani. Mukapanda kumuuza ndidzamuuza ndekha pamaso panu.

Ndikadzagwa pakhomo panupo, musadzaitane anthu. Mudzangondisiya. Ndidzadzuka, ndidzasasa fumbi, ndipo mwana wanga ndidzamutenga.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndikuwathokoza pomudyetsa. Bezawit mumupsompsone, mumuuze kuti zachokera kwa mayi ake. Mulungu akusungeni, akufewetseninso mtima.

Ndine mlongo wanu,
Yeshiwork