Asibweni Anandiikira Nyali za Usipa pa Galimoto

Aphungu,

Ndiyambe ndi kuthokoza. Anthu oti ndiwathokoze ndili nawo awiri, koma chondisowetsa mtendere n'chakuti wachiwiriyo anandipulumutsa ku mphatso ya woyambayo.

Ndine mayi wa zaka 41, ndipo ndimagwira ntchito yopereka mankhwala pachipatala china kuno ku Chintheche. Kukoleji anatiphunzitsa kuti chinthu usanachipereke kwa munthu uzichiwerenga kawiri, ndipo khalidweli linandilowerera mpaka kunyumba. Matayala ndimawayeza mpweya Lolemba lililonse. Anzanga amandiseka kuti ndimayang'ana tsiku lothera mphamvu ngakhale pa paketi ya mchere.

Mayi anga amadwala shuga ndipo maso ayamba kuwavuta. Mwezi uliwonse ndimapita nawo kuchipatala chachikulu ku Mzuzu pa kagalimoto kanga. Timanyamuka m'bandakucha kuti tikapeze mzere usanatalike. Amene amaudziwa msewuwu akudziwa kuti ukapitirira Mpamba n'kuyamba kukwera mapiri, miyezi yozizira ino chifunga chimagona pamsewu penipeni.

Mu Meyi ndinadandaula pamaso pa amalume anga, amene kuno timati asibweni, kuti nyali za galimoto yanga n'zofooka. Asibweni Enos ndi msodzi wa ku Bandawe. Ndi amene anandilera bambo atamwalira, ndipo tsiku lopita kukoleji anandisenzera okha sutikesi mpaka pamsewu. Nditadandaula choncho, Loweruka lotsatira anatuma a Mackson, amene amawakonzera injini ya boti, kudzatenga galimoto, ati akaione mabuleki.

Inabwerera ili ina. Mababu achikasu a m'nyali ziwiri zam'munsi, zija amati mafogi, anali atachotsedwa n'kuikamo a LED oyera mbee. Pabampala anamangirirapo chinyali chachitali ngati mkono, cha timababu tambirimbiri. Zonsezi anazilumikiza ku swichi imodzi, nthambo yake yochokera ku batire. Asodzi kuno anasiya nyali za palafini, usipa amaukopa ndi ma LED, ndiye asibweni amawakhulupirira koopsa. Anazigula kwa munthu yemwe amawagulitsa nyali za m'bwato. Anayatsa dzuwa lili paliwombo n'kunena kuti, "Adokotala, usipa umaiona nyali iyi uli pansi pa nyanja. Inu mungalephere kuona msewu uli pamphuno panu?" Amanditchula choncho akafuna kundinyadira. Ndinagwada n'kuti, "Tawonga ukongwa, asibweni," ndipo ndinathokozadi, Aphungu, mpaka misozi.

Ulendo wa mu Juni, titangolowa m'chifunga, ndinadina swichi ija. Kutsogolo kunangoti mbuu, ngati wina wandiyalira nsalu yoyera pagalasi. Mzere wa pakati pa msewu sunkaoneka, udzu wa m'mphepete sunkaoneka. Ine ndinkaganiza kuti chifunga chakula, osadziwa kuti ndi nyali zanga zomwe. Ndinachepetsa liwiro. Kenaka ndinamva hutala, mabuleki n'kulira. Lole inaima patsogolo pathu, mpata wake woti munthu wosenza dengu sakanadutsa. Ndinali nditalowa mbali yake.

Dalaivala anatsika, ine n'kukonzekera kutukwanidwa. Anagogoda pagalasi n'kuti, "Mayi, dzuwali mwalitenga kuti m'mawa uno? Tazimitsani, enafe tili ndi ana." Nditazimitsa n'kutsala ndi nyali za nthawi zonse pa dimu, msewu unaoneka: mzere uwo, ngalande iyo. Anati iye galimoto sanaione, anangoona kuwala kukumubwerera, n'kuponda mabuleki. Mayi anga, m'malo mochita mantha, anatsitsa galasi n'kumufunsa kuti, "Nanga ndinu mwana wa yani?" Zinapezeka kuti ndi a Watipaso, mdzukulu wa mayi wina amene ankaimba nawo ku Umanyano, bungwe la amayi a mpingo, kalekale. A Watipasowo anaima pamsewu akukupiza jekete mpaka titabwerera mbali yathu. A Watipaso, ngati mumawerenga tsamba lino, Mulungu akusungeni pamodzi ndi ana anuwo.

Asibweni sakudziwa kanthu. Ndinawapempha mayi kuti asawauze. Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi amaitana madoda anzawo n'kumati, "Adokotala, tawayatsirani awa aone." Ndimayatsa, madoda n'kumatseka maso ndi zipewa akuseka, asibweni chifuwa patsogolo.

Ndawerenga pafoni mpaka mutu kuwawa. Ena akuti LED imakhalitsa ndipo sidya batire, ena akuti ndi yoopsa. Ndalemba m'kope masamba anayi koma sindikuona poima. Kodi vuto ndi mababuwo kapena maikidwe ake? Ndinaganiza zongosiya kudina swichiyo, koma mafogi ndikuwafuna, ndipo sangayake popanda chinyali chija. Ndikachotsa zonse, ndikawauze chiyani munthu amene anachita zimenezi pofuna kuteteza mlongo wake? Tsiku lotsatira loti mayi apite kuchipatala ndi pa 16 Julaye, mwezi wa chifunga chenicheni.

B.M., Chintheche


Mayi B.M.,

Tsekani kope lija, masamba anayi akwana. Yankho munaliona ndi maso anu m'mawa uja: mutazimitsa, msewu unaoneka.

Nkhani yanu ndinaitengera kwa makaniko wa zamagetsi a galimoto, ndipo asanamalize n'komwe kumva anali akupukusa mutu. LED si mdani wanu. Vuto ndi lakuti nyali ziwiri za ntchito zosiyana anazikwatitsa pa swichi imodzi.

Chinyali cha pabampala ntchito yake ndi kuponya kuwala patali, pamsewu wamdima, wopanda chifunga, wopanda munthu kutsogolo. Chifunga ndi timadontho ta madzi, ndipo mukatiwalitsa mwamphamvu timakubwezerani kuwalako m'maso. Nsalu yoyera ija munaiyala nokha. Mafogi ntchito yake ndi ina: kuyenda chokwawa, kuwalitsa pansi ndi m'mbali kuti muone mzere ndi ngalande. N'chifukwa chake amakhala m'munsi. Koma chigoba cha fogi chinapangidwira babu lakale lija. Mukaikamo LED yosagwirizana nacho, kuwala kumamwazika paliponse, mpaka m'maso mwa a Watipaso.

Ndiye chitani izi sabata ino. Pitani kwa makaniko wa zamagetsi a galimoto. A Mackson asakwiye, injini ya boti ndi ntchito ina. Mafogi akhale ndi swichi yawoyawo. Chinyali chija makaniko achilumikize moti chiziyaka pokhapokha mwaika nyali zazikulu pa fulu, ndipo mukangobweza pa dimu chizizima chokha. Aonenso ngati nthambo yochokera ku batire ili ndi fyuzi, chifukwa nthambo yopanda fyuzi imaotcha galimoto. Mukapita kokayezetsa galimoto, kafunseni a zapamsewu ngati chinyalicho chili chololedwa momwe chilili. Musadalire zonena za pafoni.

Mababu a m'mafogi muwayeze, poti kuyeza ndiye ntchito yanu. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, masitepe khumi kuchokera pakhoma, kukayamba kuda. Lembani ndi khala pakhomapo msinkhu wa mafogiwo kuchokera pansi. Mukayatsa, kuwala kuyenera kuthera pansi pa mzere wanuwo, ngati chikhatho chimodzi, ndipo pothera pake pazioneka bwino. Kukakwera pamwamba, makaniko awaweramitse. Kukamwazika khoma lonse, mababuwo achoke. Bwezeranimo akale aja, kapena gulani mafogi athunthu opangidwira LED, makamaka achikasu, chifukwa m'chifunga sathobwa m'maso ngati oyera.

Tsopano asibweni. Musachotse kanthu mobisa. Munthu amene amayendera nyali zake Lamlungu lililonse adzaona, ndipo akaona pamaso pa madoda anzake, manyazi ake adzaposa amene mukuwaopa panopa. Pitani kwawo nokha, pakati pa sabata, pasakhale anthu. Yambani ndi kuthokoza, poti n'zoona. Kenaka auzeni zonse, mpaka mpata wa dengu uja, ndipo musaiwale kunena amene anakhala pampando wakutsogolo. Nyalizo sanagulire madoda, anagulira mlongo wawo.

Musawawerengere za m'kope. Afunseni ngati wophunzira: "Asibweni, nyali ikayaka panyanja, usipa umalowera kuti?" Adzakuyankhani okha kuti umathamangira kunyaliko, sutha kuona china. Pamenepo apempheni aime kutsogolo kwa galimoto, aone zimene a Watipaso anaona. Tsiku loyeza pakhoma muwatenge, khala agwire ndi iwo. Munthu amene wakhala zaka zonsezi akusewera ndi kuwala ndi madzi sangavutike kumva, ndipo musadabwe akayamba kumulangiza makaniko. Chinyalicho chikalumikizidwa bwino n'kuloledwa, Lamlungu muziwayatsirabe madoda. Pabwalo la tchalitchi masana sichingaphe munthu.

A Watipaso musangowathokozera m'nyuzipepala. Mayi anu akudziwa kale kwawo. Kapiteniko.

Chenjezo langa ndi limodzi. Nyali zikakonzedwa musayese kuti chifunga chatha. Yendanibe pang'onopang'ono, pa dimu, ndipo chikakula patukani pamalo abwino mudikire. Mzere wa kuchipatala ukatalika mudzaimapo, basi. Koma ngati pofika pa 16 Julaye simunalimbe mtima kukamba ndi asibweni, dulitsani nthambo ya chinyalicho musanakwere mapiri aja, zokambirana zibwere pambuyo. Akakwiya akwiye, bola mlongo wawo akhale moyo kuti adzakupepesereni.

Aphungu